Waifai ya Kuchipinda kwa Abambo

Lolemba, 3 Malichi

Waifai yadukanso dzulo. Achimwene atangoti "tandionetse abambo," chithunzi nkuuma, kenako zii. Chidwalireni sitiroko, abambo sanaonanebe ndi mwana wawo wapamtimayu, amene ali kutsidya kwa nyanja ndipo amalamulira banja lino pafoni.

Meseji yawo m'mawa uno: "Ukundibisira chiyani?" Ine! Amene ndimadyetsa abambo ndi supuni, kuwamwetsa mankhwala, kuwanyamula mwendo wakufawo. Lero ndasanduka wobisa makolo.

Rauta, gwero la waifai, ili pabalaza. Abambo kuchipinda chakumapeto. Pakati, makoma okhuthala ngati a ndende. Ndinagula ekisitenda, kabokosi kotola waifai nkuiponya patsogolo. Wamushopu anati, "Ingolowetsani pasoketi, mayi." Ndinalowetsa, pafupi ndi bedi lawo. Digiri yonseyi, ndikugonja kwa chinthu chooneka ngati sopo.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndawerenga kabuku ka ekisitenda. Wolakwa ndi ine, ati. Kabokosika sikakhala kumene waifai inafera, kamakhala pakati pa njira. Sikangagawe chimene sikanalandire. Nzeru yoposa ya abale ena.

Pakati pa njira ndi mukhonde lam'kati, ndipo amene anamanga nyumba ino sanaikemo soketi. Mulungu amukhululukire, ine ayi. Ndakoka chingwe kuchokera pasoketi ya pabedi pa abambo, kudutsa pansi pa chitseko. Kanyale kobiriwira. Ndaonera vidiyo nditakhala pampando wawo, osaduka nkamodzi komwe.

Abambo ankangondiyang'ana. Mawu amatuluka mokoka masiku ano, koma njiru ikadali yonse: "Watha uinjiniya wako?"

Lamulungu, 9 Malichi

Yaduka.

Ndazenga mlandu maikulowevu. Yosalakwa. Waifai ya aneba, ati mwina ikuphana ndi yathu, ndasintha tchanelo. Ndabaya kabowo kakumbuyo kwa kabokosi ndi phini kuti kayambirenso, pasiwedi yatsopano, zonse kuyambira pa ziro. Chatsala nkukaitana abusa.

Achimwene asiya kundipatsa moni. Amangolemba, "Ali bwanji?" Tinkagawana chofunda chimodzi tili ana. Izi zikundipweteka kuposa mmene ndingawauzire.

Chodabwitsa: ine ndikamagwira ntchito siduka. Nkhani za pa intaneti zimene abambo amamvera, siduka. Imadikira achimwene. Waifai yosankha anthu.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndinawapempha achimwene aimbe madzulo. Foni ndinaitsamiritsa pakapu, patebulo la abambo, ine nkukaima mukhonde, maso pakabokosi. Mphamvu ikachepa, kanyale kamafiira. Ndinkadikira kufiirako.

Sikanafiire. Kanazima.

Ndipo ndinamva. Thapu! Swichi ya pakhoma, kudzanja lamanzere, dzanja lamoyolo. Patapita kanthawi, thapu kachiwiri, kanyale nkuyakanso bwinobwino ngati palibe chachitika.

Sindinalowe. Ndinangoima pamenepo ngati mbala m'nyumba mwanga momwe. Kukwiya ndinafuna, koma mkwiyo sunabwere.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndawafunsa abambo ndikuwameta ndevu. Munthu wa thovu kumaso sathawa.

Ndinamaliza tsaya lonse. Kenako anati: "Mchimwene wako anandisiya ndili munthu. Azindikumbukira choncho."

Ndinati ndinu munthu, ndipo wovuta kwambiri. Sanaseke.

"Kafoni kako kamayamba kundionetsa ineyo."

Kazenera kapakona ya foni kaja, kodzioneramo wekha. Atangotuluka m'chipatala ndinachotsa galasi m'chipinda mwawo, nkumadzitama kuti ndine mwana woganiza. Kenako Lamulungu lililonse ndinkawaikira lina pamphuno, ndi kuwala komwe. Pakamwa popotoka, diso logwa, malovu amene sawamva akutsika. Abambo amene sankapita ngakhale kogula buledi osavala tayi.

Ndikawauza achimwene, ndavula abambo. Ndikapanda kuwauza, ndine wabodza mpaka kalekale. Izi m'kabuku ka ekisitenda mulibe.

Lamulungu, 16 Malichi

Sindinaulule. Kwa achimwene ndangolemba: "Nkhope yasintha. Mukadzidzimuka kapena kulira, ndikudulani ndekha." Ayankha kuti "Chabwino, mlongo wanga." Mlongo. Labwerera dzina.

Abambo ndawauza kuti chingwe sindichisuntha, swichi ndi yawo, ayigwire akafuna. Koma ndanenanso kuti mwana wawo akuganiza kuti ndikubisa maliro. Pakona ya foni ndamata kapulasitala. Anapempha shati yoyera. Ndi tayi. Ndamanga mopotoka, andidzudzula.

Ndikulemba ndili pansi mukhonde, msana kukhoma. Foni yalira, ayankha okha.

Kenako achimwene: "Bambo, tayiyo wakumangani ndani?"

Abambo akuseka. Kuseka kwa mbali imodzi, kokoka, konyansa pang'ono. Akundinena ine, onse awiri, m'nyumba mwanga, pa waifai yanga. Ndilowa ndikadziteteze, ndingopukuta kaye maso.