Nzama za Agogo Ako

Mgona, Lilongwe
Okutobala 2006

Salama, mwana wa mng'ono wanga,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti ku Machinga mwadzuka bwino. Akundilembera ndi mayi woyandikana nane nyumba, ndipo ndawauza kuti asakometse mawu anga.

Kuno ndili ndekha. Ana anga ali ku Joni, amatumiza sopo ndi moni. Sindidandaula, ndinawalera bwino.

Wobweretsa kalatayi akupatsanso botolo la nzama zothira phulusa. Ndi mbewu ya agogo ako, yofiira ija ya timadontho, m'sitolo sungaipeze. Ndakhala ndikuibzala kuseri kwa nyumba chichokereni mwana wanga Zaki padziko. Chaka chatha mvula itadula, chimanga cha haibridi chinapserera m'minda ya kuno, koma nzama zanga zinabereka.

Mwambo wakwathu ukuudziwa: nzama amabzala ndi mayi amene anataya mwana. Ana anga aakazi sangazibzale, ndipo pa chimenecho ndikuthokoza Mulungu. Pamtundu pathu watsala ndiwe, chifukwa cha khanda lako lija. Ndazengereza nthawi yaitali poopa kukutosa pabala.

Koma chaka chino khasu sindigwira. Akuchipatala anandiuza zina, si zoika papepala. Ukakana iwe, mbewuyi ithera m'botolomo.

Ubzale mvula ikakhazikika, pamalo amchenga, osathira feteleza. Zikachita maluwa uzikwezere dothi. Ine pobzala ndimayankhula ndi Zaki. Mwina nawenso upezapo pochezera ndi wako.

Ndine amayi ako aakulu,
Abiti Shaibu