Njinga za Mumchenga ndi Chiliza Chanu

Amayi, kaya mukukhalako bwanji kumeneko? Ine kuno ku Doha thupi lili bwinobwino, koma mtima ndiye sukukhala m'malo. Ndakhala pansi, ndaimirira, ndatsukanso galimoto yotsukatsuka kale, kenako ndati bola ndikulembereni.

Ndiyambe ndi za kumudzi, poti inu mumafuna kumva za anthu musanamve za ine. Mchemwali wanga Esnati anachira mwezi watha, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti mphumi ndi yanu yomwe ija, kalilidwe kakenso n'ka munthu wosafuna kuyankhidwa. Mtedza wa m'munda wakumtunda unachita bwino, soya ndiye anapserera ndi dzuwa. Mbuzi yanu yamawanga ija inadya chitenje cha apongozi ake a Esnati chili pachingwe, mlandu wake unatenga masiku awiri. Denga la khitchini likudonthabe, aliyense akuti akonza mawa.

Nkhani yaikulu ndi ya chiliza chanu. Amalume a Zakeyu agamula kuti tidzavundukule Loweruka loti Khirisimasi yatsala pang'ono, pomwe abale a ku Joni amakhala atafika. Simenti ilipo, mwala analemba kale. Wotsala ndine. Pamaliro anu sindinabwere, Amayi, ndipo chaka chonsechi ndakhala ndikudzitonthoza kuti pachiliza pokha ndidzaima pamenepo ndi miyendo yanga.

Zinthu zinali zitayamba kuyenda. Abwana anga a ku Al Markhiya, omwe ndimawaperekezera ana awo atatu kusukulu, agula kalavani. Mukanaiona mukanagwira pakamwa. Ndi galimoto, koma m'kati muli mabedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi. Anthu okhala m'nyumba ya zipinda zosawerengeka akufuna azikagona m'galimoto kuchipululu, popanda wowathamangitsa! Mu Disembala apita nayo ku Oman masabata atatu, ndipo poti ndi choseweretsa chawo chatsopano, anati ayendetsa okha. Anandiuza kuti ndikawakonzera katundu yense wa ulendowo, ine ndipite kwathu ku holide. Za chiliza sindinawauze. Ndinangoti zikomo, poopa kuti ndikachulutsa mawu angasinthe maganizo.

Ndiye sabata yonse ndinali pamsewu ndi pepala la madamu. Mipando yopinda, tebulo lopinda, mbaula ya gasi, matochi ovala pamutu, mabokosi osungira madzi ozizira, tenti yoti ana azisewereramo, zipewa zolimba zovala pokwera njinga. Chilichonse ndinkachikhalira, kuchigwedeza, kuchitembenuza, mpaka ogulitsa kutopa nane. Munkati inu wogula mphika osaugogoda amanyamula chibowo kupita nacho kunyumba. Mpando umodzi unandipindira m'kati ndili chikhalire m'sitolo, ndinautaya pomwepo.

Pa njinga m'pamene ndinadzimva kuti ndafika pakwathu. Zaka zisanu ndi chimodzi za kabaza, kunyamula anthu ndi matumba kuchokera pamsika mpaka kuseri kwa phiri, ndani angandiuze za njinga? Koma njinga zakuno, Amayi, zinandizunguza mutu. Matayala kunenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, magiya mbwee, kulemera kwake ngati wanyamula dengu lopanda kanthu. Wogulitsa anati zoyenda mumchenga ndi zimenezo. Ndinasankha zinayi, poti chitsulo chokolekapo njinga kumbuyo kwa kalavani chimakwana zinayi basi. Ana ndinawayeza mmodzimmodzi, kuti akakhala pachishalo zala zakuphazi zizigunda pansi. Kenako ndinafunsa kuti kaliyala ili kuti. Munthu uja anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti nyanga zili kuti.

Ine njinga yopanda kaliyala sindiiwerengera. Ndinatenga ya abwana, yaikulu ija, n'kupita nayo ku Umm Ghuwailina, komwe kuli timashopu takale, ndipo mkulu wina wowotcherera anandimangira kaliyala yolimba yoti thumba la chimanga lingakhalepo. Nditabwerera ndinapopa matayala onse asanu ndi atatu mpaka kuuma gwa, oti ukawagogoda ndi chala akulira. Paja pa kabaza tayala lofewa ndi chizindikiro cha mlesi.

Lachisanu lapitali tinapita kukayesa zonse kugombe la kummwera, komwe mchenga umakafika m'nyanja. Apo ndinatenga manyazi. Ana atangopalasa kawiri, matayala anga ouma aja anakumba mchenga n'kutitimira, onse atatu khuu pansi. Wamkulu anayamba kukalipa, wamng'ono, Noora, kulira. Bambo wina wa ku Sudan amene anamanga tenti pafupi nafe anabwera, anagwada, n'kuyamba kuphwetsa matayala mpaka anafewa ngati papaya lakupsa. Njinga zinayamba kuyandama pamchenga. Kani kuno mpweya amachotsa, sawonjezera. Abwana anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo ataona kaliyala ija anasekanso kachiwiri, akuti ndawasandutsa wogulitsa masamba. Ine ndinaseka nawo, koma m'kati ndinali kuona holide yanga ikuthawa.

Mawa lake masana, madamu ndi Noora anayenda wapansi m'mbali mwa madzi mpaka kutali, ine ndikuwatsatira panjinga ya kaliyala ija ndi mabotolo a madzi. Abwana anali atapita ndi anyamata awo kukakwera milu ya mchenga. Mwana uja anaponda chigoba chakuthwa, phazi linang'ambika, magazi osati masewera. Madamu anangoti kakasi, foni ikuwagwa m'manja. Ndinawapempha mpango, ndinamanga phazi, ndinamukhazika mwana pa kaliyala, n'kumumangirira m'chiuno mwanga ndi shati, monga ndinkakumangirani inu ndi chitenje popita kuchipatala masiku aja munkalephera kudzigwira. Ndinapalasa pamchenga wonyowa osayang'ana m'mbuyo. Pofika pa kalavani panali kale galimoto ya anthu ena yomwe inatithamangitsira kuchipatala. Anamusoka, ali bwino, akudumpha ndi mwendo umodzi m'nyumba monse.

Ndinaganiza kuti ndakonza zomwe ndinawononga. Koma walira mvula walira matope, Amayi. Pobwerera abwana anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Wallah, ndikulumbira, iwe ku Oman tipitira limodzi. Madamu akana kupita popanda iwe. Holide udzapita mu Febuluwale, khalas." Khalas ndiye kuti nkhani yatha. Ndipo ine, mwana wanu wopusa, ndinati zikomo bwana.

Masiku anayi ndakhala ndikuzungulira ngati galu wofuna pogona. Ndinaimbira amalume kuti mwina tisunthe tsiku, anandikumbutsa kuti a ku Joni sabwera kawiri pachaka, komanso ng'ombe analonjeza kale. Ndinapita kwa mnzanga Tembo wa ku Chipata, mlonda amene amakhala ku Bin Omran. Iye sanandinyengerere. Anati, "Iwe, problem yako ni ulemu too much. Ma boss aba samvera vozungulira. Kamba straight kuti ni amai bako, finish." Ndinakwiya naye chifukwa ananena zoona. Munatilera kuti kwa wamkulu supempha molunjika, umayamba ndi nyengo, kenako mbewu, mpaka mwini wake azindikire yekha. Kuno ukayamba ndi nyengo, amakuyankha za nyengo.

Lero m'mawa ndawauza abwana. Ndinawapeza akupukuta magalasi a kalavani yawo, ndinavula chipewa, ndipo ndinanena zonse mosakometsa: kuti amayi anga anamwalira chaka chatha ndili pakhomo pawo pomwepa, kuti sindinawauze chifukwa ndinali ndi miyezi itatu yokha pantchito, kuti kwathu timamanga chiliza ndipo mwana woyamba sasowa. Anaika nsalu yopukutira ija pansi. Kenako anati, "Inshallah, tiona." Mawu amenewo ndawamva kambirimbiri kuno. Tsiku lina amatanthauza inde, tsiku lina amatanthauza iwalako. N'chifukwa chake ndikulephera kukhala pampando.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindinauzepo munthu. Tsiku loika maliro anu ndinali pageti la sukulu, ndikudikira ana. Esnati anandiimbira ya vidiyo, foni ndinaitsamiritsa pachiwongolero. Ndinaona adzukulu atagwira zingwe, bokosi likuyamba kutsika, amayi a mvano akuimba. Bokosi lili pakati, netiweki inaduka. Belu linalira, ana analowa m'galimoto, ndipo ndinawafunsa kuti sukulu inali bwanji. Kwa ine simunafike pansi, Amayi. Chaka chonse mwakhala muli lende pazingwe zija, ndipo ine ndi amene ndagwirira.

Ndiye abwana avomere kapena akane, ndibwera. Akati ntchito yatha, ithe, miyendo yopalasira ndikadali nayo. Ndikulonjezani kuti Loweruka limenelo ndidzakhala nditagwada pamutu panu, ndidzagwire dothi ndi dzanja langa, kuti nanenso ndikutsitseni mufike.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Fatsani