Mayina pa Mabotolo a Dothi

Likangala, Zomba
9 Julayi 2024

Okondedwa achimwene a Dunstan,

Muli bwanji ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi ukali. Mphepo ikuwomba kuchokera kunyanja moti m'mawa zala zimakana kugwira ndowa. Mwana wathu Takondwa akupita kusukulu atavala majuzi awiri.

Koma sindikulemberani za chisanu. Nkhani ndi ya amuna anga a Bizweki, alamu anu, ndipo ndasankha kalata chifukwa pafoni ndikanangolira.

Mukudziwa kuti matenda a korona atathamangitsa alendo amene ankawagula zithunzi paphiri la Zomba, alamu anu anatsekera maburashi m'katoni n'kubwera kudzalima mpunga kuno kwathu. Kalimidwe kawo mukukadziwa, munthu woti akagwira khasu umamvera chisoni khasulo. Zaka zinayi akhala akungoti duu pakhonde.

Kumayambiriro kwa Juni, tsiku lina kuli chiperoni, anatulutsa katoni ija. Anandiuza kuti utoto wamadzi umakonda nyengo yozizira, chifukwa pepala akalinyowetsa silifulumira kuuma ndipo utoto umayenda bwino. Chithunzi choyamba chinali cha akakowa mumpunga. Mbalamezo sanazipake kanthu, anangosiya pepala loyera pamene pali mbalame, koma unkachita kuona ngati ziuluka. Anameta ndevu, anayambanso kuimba mluzu. Kunena zoona ndinasangalala.

Utoto wakale sunachedwe kutha, ndiye anati azipanga okha ndi dothi. Ankalawirira ndi supuni ndi jumbo n'kumatapa m'mbali mwa mapuloti a anthu, apa lofiira, apo lachikasu, kwina lakuda bii. Akabwera ankalisefa pansalu, kulipera pambale, kusakaniza ndi utomoni wa mthethe, n'kuthira m'timabotolo ta mankhwala a chifuwa.

Achimwene, inu munakulira konkuno. Munthu wotapa dothi m'munda wa mnzake mame asanaume, anthu amati akutani? Ndinawachenjeza. Anangoseka, akuti supuni imodzi ya dothi singasaukitse munthu.

Kenako tinakolola. Ife tinapeza matumba khumi ndi anayi. A Mateyu, amene puloti yawo yagundana ndi yathu, anapeza asanu ndi limodzi basi. Aliyense akudziwa kuti iwo anawokera mochedwa, ndiponso kuti ine ndinathyoka msana m'matope kuyambira Januwale. Komabe kuchigayo azimayi anayamba kutsitsa mawu ndikamafika. Ndinamva ndi makutu angawa akuti alamu anu akukawa, akuti mpunga wa anthu ukusamukira m'matumba mwathu.

Ndinapsa mtima, koma pang'onopang'ono nanenso ndinakhala ndi mitima iwiri. Tsiku lina atapita kudoko kukajambula mabwato ochokera ku Chisi, ndinatsegula katoni. Botolo lililonse linali ndi kapepala ka dzina. Mateyu. Mayi a Mphatso. Gift. Anthu asanu ndi atatu, mayina awo atamatidwa pa dothi la m'minda mwawo. Ndinayamba kuganiza kuti zaka zonse anakhala kutauni zija sindinkadziwa amene ankayenda nawo. Ndinadzifunsa kuti mwamuna woti wakhala chete zaka zinayi, chamudzutsa mwadzidzidzi n'chiyani.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Alamu anu eni ake sindinawafunse. Ndinaitana a Rhoda, akazi a Mateyu, poti tili limodzi ku Mvano, ndimati tipemphere awiri. Ndinawaonetsa mabotolowo. Iwo anangoti tipemphera mawa, n'kutuluka. Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva, ndipo a Mateyu anabwera ndi anzawo atatu n'kunyamula katoni yonse.

Alamu anu atafika anafotokoza mofatsa kuti mayinawo n'ngongokumbukira kumene mtundu uliwonse unachokera, kuti ukatha akatapenso pomwepo. Anawonjezera kuti dothi la kwa a Mateyu ndilo lokoma koposa, ndipo mawu amenewo ndi amene anawonongeratu zinthu. Amalume a Wisdom aitanitsa abale Loweruka pa 20, ndipo akunena poyera kuti mkamwini wotere abwerere kwawo ku Songani tisanadane ndi mudzi wonse.

Chimene chikundidya ndi ichi. Alamu anu akuganiza kuti a Rhoda anasuzumira okha pawindo. Dzulo masana anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundipatsa kabotolo kamodzi kamene kanatsalira m'thumba la jekete, pamodzi ndi burashi yawo yaing'ono. Anati ndiwasungire, poti pamudzi ponse pano munthu amene sanawakayikirepo ndine ndekha. Ndinalandira, achimwene.

Inu ndinu mwini mbumba, amalume amakumverani. Chonde pemphani tchuthi mufike lisanakwane Lowerukalo. Mudzawauze kuti asagamule kanthu a Mateyu asanabweze katoni. Alamu anu apatsidwe pepala ndi kapu ya madzi, ajambule pamaso pa onse, a Mateyu adzionere okha kumene dothi lawo limapita. Alamu anu akachotsedwa pano ndikudziwa kuti burashi sadzaigwiranso, ndipo Takondwa adzakula akumva kuti bambo ake anapirikitsidwa ngati mfiti.

Ndikupemphaninso kuti mudzakhale pambali panga pamene ndizidzawauza alamu anu kuti katoni ija ndinatsegula ndine. Ndekha ndayesa kawiri, koma ndalephera.

Ndipo musadzandifunse pagulu ngati ndawakhulupirira kwathunthu, chifukwa inu sindingakunamizeni. Burashi ndaiika m'sutikesi ya zovala zanga zakutchalitchi. Koma kabotolo ndakakulunga m'nsalu ziwiri, ndipo kali kukhitchini. M'nyumba mogona mwana wanga sindinakalowetse.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Sharon ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo akuyendetseni bwino pamsewu wautaliwo.

Ndine mlongo wanu,
Emily