Nyenyezi ya pa Bulauzi ya Vera

Lamlungu, 14 Novembala 2021

Bambo a Vera abwera kuchokera ku mashopu a ku Cannington, kuno kudziko la eni, ndi kabokosi m'manja, akumwetulira ngati apeza mankhwala a mliriwu. Ine ndimayesa ndi nsapato za mwana zimene ndinawatuma. Ayi, ndi filimu. Yakalekale ya pa TV, yamagawomagawo, yonena za mmene Ayuda anazunzikira pa nthawi ya nkhondo ku Ulaya. Ati aitsuka bwinobwino n'kuitulutsanso pa madisiki anayi. Nsapato aiwala.

"Tionere limodzi, mayi a Vera, mudziwe kumene dziko lino likupita."

Nkhani yake ndi katemera. Kumgodi awauza kuti wosabayitsa pofika Disembala asadzakwerenso ndege ya kuntchito. Iwo ati sabayitsa, ati kwa Ayuda zinayambanso chonchi. Ine ndinabayitsa kalekale ndipo nyanga sindinamere, koma ndangoti chabwino.

Lolemba, 15 Novembala

Chisokereni mamasiki a chitenje chaka chatha, anthu amayesa makina angawa ndi a mudzi wonse. Lero a Chisenga, anzawo a ku Lusaka aja, afika ndi nsalu yachikasu ndi kapepala kojambulapo nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. Ndasangalala, ndimvekere za sewero la Khirisimasi zayamba msanga chaka chino.

"Iyayi ba mulamu, ni ya pa Saturday ku town. Tiyenda ku ma demo, aliyense na star pa chifuba."

Atachoka, bambo abwera ndi bulauzi yoyera ya Vera, ya kutchalitchi ija. Ati musokereponso kanyenyezi kakang'ono, tikayende banja lonse, mwana amagwira anthu mtima pa kamera. Ndati ndiona.

Masana, Vera ali kusukulu, tayamba disiki yoyamba. Banja la bambo wophika buledi, mkazi wake, anyamata awiri ndi kamtsikana ka msinkhu wa Vera, kapakamwa, koyankha akuluakulu popanda kufunsidwa. Bambo a Vera aseka mpaka kumenya sofa. "Ameneyu ndi Vera weniweni." Patangopita kanthawi, nkonono. Ine ndapitiriza kudula nyenyezi ndikuonera ndekha.

Lachiwiri, 16 Novembala

Disiki yachiwiri. Apirira mpaka pamene asilikali amamata chipepala choletsa anthu kugula pakhomo la shopu ya buledi. "Mwaona? N'chimodzimodzi ife, kulowa mu shopu mpaka uchite kaye sikani ndi foni pakhomo." Atapambana mlandu chonchi, atsamira n'kugona.

Sanaone zotsatira. Mayi uja anakhala pansi ndi jasi la kamtsikanako n'kuyamba kusokerapo nyenyezi yachikasu imene Ayuda anawakakamiza kuvala. Manyazi kulemba, koma choyamba ndinayang'ana kasokedwe. Anasoka bwino, timisoko tating'ono, makona opinda mwaudongo, ulusi n'kudula ndi mano mmene ndimachitira ine. Kamwana kakudandaula kuti yapendekeka, iye n'kuimasula, kuyambiranso. Poyang'ana pamiyendo panga, nyenyezi yomweyo, kukula kwake komweko.

Izi ndinaphunzira ku sekondale, zaka zake ndi chiwerengero cha anthu, mayeso ndinakhoza bwino lomwe. Koma palibe anandiuza kuti panali munthu amene ankasoka.

Lachitatu, 17 Novembala

Kamtsikana kaja kafa. Bambo a Vera anali m'tulo, rimoti ili pamimba. Ndakalirira kubafa kuti ndisawadzutse.

Lachinayi, 18 Novembala

Sitinaonere lero. M'mawa ndawamva pakhonde akujambula mawu a pa gulu lawo la pa foni: "Abale, filimu imeneyi aliyense aipeze. Ine yanditsegula maso." Ndatsala pang'ono kudzilasa ndi singano.

Ndawauza kuti nyenyezi za akuluakulu atenge, ndadula kale, akamate okha ndi mapini. Koma pa bulauzi ya mwana wanga sindisoka. Akwiya. Ati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ati inu akazi a kuno mukangodziwa njira ya ku siteshoni ya Maddington basi mwasanduka maloya.

Ndikudziwa chimene chikuwadya. Bambo awo anamwalira ku Dedza chaka chatha malire ali otseka, ndipo maliro anaonera pa foni, netiweki ikuduladula, bokosi likutsika mwa apa ndi apo. Sanalire tsiku limenelo, sanalirebe. Ndimawamvera chisoni, Mulungu akudziwa. Koma amenewo ndiwo maliro athu. Awa tikufuna kubwereka kwa eni akewa si athu, ndipo tikuwabwerekera jakisoni.

Zimenezi sindinanene. Chimene chatuluka pakamwa panga n'chakuti: mawa muonere disiki yomaliza maso ali gwa mpaka kumapeto. Mukamaliza n'kunenabe kuti soka, ndisoka.

"Basi? Zophweka."

Pakamwa pangapa padzandiphetsa. Munthuyu ndi wamakani, akhoza kuonera zonse n'kunenabe kuti soka, ndipo ine ndalonjeza. Chondiwawa china, Vera wapeza nyenyezi yake pa makina, waiika pachifuwa n'kumadziyang'ana pagalasi. "It's so cute, Mum." Ndamulanda mwaukali, mwana wosalakwa, wapita kuchipinda akulira.

Lachisanu, 19 Novembala

Aonera choimirira. Zoona. Aima kuseri kwa sofa manja ali m'chiuno ngati akuyang'anira mayeso, foni andipatsa ndisunge. Ine ndakhala pa makina, bulauzi ndaiyala, ulusi wachikasu ndalowetsa kale, poti lonjezo ndi lonjezo.

Poyamba mafunso okhaokha. Uyu ndani? Bwanji ameta mayiyu? Bambo wa buledi uja ali kuti? Ndimayankha mwachidule, chifukwa munthu amene filimu inamutsegula maso safunika kumuuza zambiri. Kenako mafunso atha. Pofika pa sitima, anthu atawapanikiza m'mabogi a ng'ombe, ndamva sofa ikulira mmene aigwirira. Pena ayamba kuti "n'chimodzimodzi" koma mawu sanawamalize.

Ndaona chinthu china. Pakangooneka ana, ngakhale chapatali kuseri kwa waya, iwo amaweramira kutsogolo, maso kusakasaka. Ndadziwa amene akumufuna. Bambowa anakulira mafilimu amene wotayika amatulukira kumapeto, nyimbo ikulira, aliyense n'kukumbatirana. Amadikira zimenezo. Ndikanatha kuwauza, koma ndawasiya asakesake, ndipo sindikudziwa ngati unali ukali kapena chisoni.

Filimu yatha ndi mnyamata mmodzi yekha wa banja lonse lija, ataima pakhomo la shopu ya buledi ija pomwe tsopano pakugulitsa anthu ena. Maina a osewera filimuyo ayamba kuyenda. Bambo adikirabe mpaka maina atha.

"Nanga kamtsikana kaja? Sanakaonetsetu."

"Kanafa Lachitatu."

"Lachitatu?"

"Inu muli m'tulo."

Azungulira sofa n'kukhala pansi. Kenako afunsa motsitsa mawu kuti kanafa bwanji. Ndati disiki yachitatu ili m'bokosimo.

Adzuka, koma sanapite ku bokosi. Abwera pa makina, anyamula bulauzi ija, aikutumula timaulusi, n'kundipatsa.

"Kaikeni mu wadiropu, iyi ndi ya kutchalitchi."

Za katemera sitinakambe, za mawa ku tauni sitinakambenso. Disiki yachitatu aika okha. Ndawasiya ataimiriranso kuseri kwa sofa, ine ndapita kukatenga Vera kusukulu.