Kubwezeretsa Mayi Rukiya pa Ntchito Yophika pa Idi

KOMITI YA TISAMALANE, MARLBORO
Tsiku: Lamulungu, 9 Juni 2024
Malo: M'garaja ya a Macdonald
Analipo: Bambo Suwedi (wapampando), a Macdonald, a Amin, mayi Millicent, mayi Rukiya, Najma (mlembi)
Sanabwere: a Harun (anali pa shifiti)

1. Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2 koloko masana. Anali atadzikulunga sikafu mpaka pamphuno ndipo anati ndi chifukwa cha kuzizira.

2. Mlembi anakumbutsa kuti mwezi watha komiti inaimitsa mayi Rukiya kuphika mpunga wa pa Idi, ntchito yomwe agwira zaka zisanu ndi chimodzi. Anaimitsidwa chifukwa cha ming'alu ya m'makona a milomo yawo. Amene anabweretsa ganizoli ndi wapampando, poopa kuti apatsira anthu.

3. Mayi Rukiya anaonetsa khadi la kukiliniki. Anati nesi anawauza kuti ming'aluyo imayamba malovu akamakhalitsa m'makonamo, makamaka munthu akamanyambita milomo mumphepo youma ya ku Joni kuno. Imabweranso magazi akachepa, kapena mano oikirira akakhala osakwana bwino. Sipatsirana kudzera m'chakudya. Anapatsidwa mafuta opha tizilombo, mapilitsi owonjezera magazi, ndipo anauzidwa kuti azipaka vasilini, azidya chiwindi, mazira ndi masamba. Anapola m'masiku khumi.

4. A Amin anati kwawo ku Machinga amangopaka phulusa. Mayi Rukiya anati anayesa, ndipo analira ngati mwana.

5. Wapampando anati pepala ndi pepala, iwo akufuna kuona ndi maso. Mayi Rukiya anaimirira n'kuyasamula kukamwa konse, kenako anati, "Taonani bwinobwino, bambo, musadzati sindinakuonetseni." Palibe anaona chilonda. Mayi Millicent analuluta mpaka a Macdonald anawapempha kuti akumbukire maneba.

6. Anayi anavota kuti mayi Rukiya abwerere pamoto. Wapampando sanavote. Ganizo linadutsa. Mayi Millicent anapempha kuti mawu oti "matenda opatsirana" afufutidwe m'zolemba za mwezi watha. Mlembi anafufuta pomwepo.

7. Zina ndi zina: Tiyi atabwera, wapampando anakana kumwa. Mayi Millicent anati, "Eish, bambo Suwedi, sikafuyo mwakwatirana nayo?" Patapita kanthawi wapampando anaitsitsa. Anali ndi ming'alu mbali zonse ziwiri. Anafunsa motsitsa mawu kuti kukiliniki amatsegula nthawi yanji. Mayi Rukiya anati 7 koloko, ndipo awaperekeza mawa. Anawonjezera kuti pa Idi wapampando adzaloledwa kudya m'mbale imodzi ndi anzawo, chifukwa komiti ino sithamangitsa munthu pa nkhani ya milomo. Wapampando anapempha kuti mawu amenewa asalembedwe. Komiti inavota kuti alembedwe.

Tidzakumananso pa 14 Julayi, malo omwewa. Msonkhano unatha nthawi ya 3:40.

Wapampando: S. Suwedi
Mlembi: Najma Aufi