Mbewu Yanu ya Nandolo Tinaidya pa Sadaka

Amayi,

Kodi kumene mwagonako kuli bwanji? Kuno tilipo. Chitsiriza wanu Halima anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tam'patsa dzina lanu. Kachipumi ndi kanu komwe. Mbuzi yamawanga ija inaswa awiri, denga la khitchini likudonthabe pomwe paja. Zabwino zathera pomwepa, tsopano khalani pansi mumve za nandolo wanu.

Mukukumbuka kamtsuko kaja munkasungamo mbewu mutaisakaniza ndi phulusa kuti isafumbwe? Tsiku la sadaka yanu, patatha masiku makumi anayi chitisiyireni, anthu anachuluka, ndiwo zinapelewera. Amayi a kukhitchini analowa m'nyumba, anapeza kamtsuko, phulusa analiona ndithu, anangolitsuka. Ine ndinali panja kulandira alendo. Ndinadya, Amayi. Ndinachita kuyamikira kuti aphika bwino. M'mawa mwake ndi pamene ndinapeza kamtsuko katavundikiridwa pathandala, koyera mbee.

Ndinadzitonthoza kuti mitengo yanu yakale ya nandolo ija ikadali kumunda, yomwe inkabereka zaka zitatu osabzalanso. Koma mvula isanagwe anabwera achimwene Saidi kuchokera kuminda ya nzimbe ku Dwangwa, atanyamula mbewu ya haibulidi ndi feteleza pa njinga. Akuti mitengo yanu ndi yachikale, ingodya malo. Sindinama, khasu linali m'manja mwanga. Ndinazula ndine, mwana wanu, uku ndikuseka nawo.

Alangizi a zaulimi anali atatiuza bwinobwino ku Benga kuti nandolo wamakonoyu amafuna mpata, ndipo feteleza ndi wongolawitsa pobzala basi. Achimwene ati ayi, iwo amagwira ntchito pakampani, feteleza amamudziwa kuposa alangizi ongoyenda pa njinga yamoto. Mmene amachitira ndi nzimbe, ndi mmene anachitira ndi nandolo. Mapando kuthithikana ngati nazale ya mpunga, mbewu zitatu zitatu, kenako feteleza wa yuleya dzanja lodzadza pa phando lililonse. Ndinakumbuka mawu anu aja akuti, "Nandolo amadziphikira yekha pansi, ukamupakulira amasanduka waulesi." Ndinawauza. Anandiyankha kuti za mayi zinapita ndi mayi.

Anamera, eee! Anthu opita kunyanja ankaima pamsewu kuonerera. Anatalika kuposa ine, wobiriwira bii, achimwene akuyenda chifuwa patsogolo. Nthawi ya maluwa itakwana, mkati mwa munda munali mdima, mphepo osalowa. Maluwa anayoyoka, otsalawo mbozi zinamaliza. Takolola nkhuni, Amayi. Nkhuni zokha ndiye tili nazo zokwana chaka.

Chondipweteka kwambiri nachi. Kumapeto kwa munda, cha kuchulu, feteleza anawathera achimwene, iwo n'kutopa n'kupita. Mizere inayi yotsalayo ndinabzala ndekha, kuponda phazi lalitali monga munkachitira inu, mbewu ziwiri, osathira kanthu. Kumeneko ndiye kunabereka mpaka nthambi kuwerama. Achimwene atabwera anangoyang'ana kumbali, akuti dothi la kuchulu ndi lina. Mpaka lero sanapepese. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli tadya tonse.

Ndinati basi, ndisungeko wa mizere inayiyo akhale mbewu. Alangizi akuti wa haibulidi ukabwereza sabereka chimodzimodzi, chaka chilichonse n'kugula wina kusitolo. Ha! Inu mbewu yanu munachokera nayo kwa agogo, simunaigulepo ngakhale kamodzi. Ndayenda kwa onse amene munkawagawira, mpaka kwa azakhali ku Dwambazi. Aliyense anataya. Akuti, "Tinkadalira kuti ili kwa mayi ako."

Koma mverani ichi. Kuseri kwa chulu kunali chitsa chimodzi chomwe chinandikanika kuzula, khasu linaguluka, ndinangochisiya ndi ulesi. Chaphukira. Kanthambi kamodzi kokha, kali ndi makoko khumi ndi limodzi, ndimawawerenga m'mawa uliwonse. Ndakatchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi, ndipo achimwene ndawauza kuti akaponda pamenepo ubale watha. Amayesa ndikuseka.

Ndikulonjeza, Amayi, makoko amenewa akauma alowa m'kamtsuko kanu, ndi phulusa lake. Ndidzabzala motalikitsa, ndipo kamwana kotenga dzina lanu kadzaphunzira kuponda phazi lanu. Halima ndamuuza kale, ndipo ndamulumbiritsa: tsiku la sadaka yanga ndiwo zikadzapelewera, anthu adzadye chigwada. Chikadzatha chigwada, adzapite kwawo ndi njala.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene anagwira khasu lija,

Asiyatu