Mlandu wa bere la Damiao

Lolemba, 3 Juni 2024
Ndikunena ine, akulemba a Tiyese, mlamu wanga. Kuzizira. Manachesi akungogwa, wothyola palibe. Leila, mwana wanga wamkazi, wafika kuchokera ku yunivesite, woyamba m'mudzi muno. Ndinamuzunguliritsa msika wonse wa Thambani kuti anthu aone. Waphunzira za maganizo a munthu. Akuti khalidwe la wamkulu limapsa asanakwane zaka zisanu. Anatero mzungu wina amene anafa asanaone Mwanza.

Lachitatu, 5 Juni
Flossie, mkazi wa mwana wanga Damiao, wabwerera kwawo ndi ana onse. Chifukwa: kachasu ndi fodya. Ankhoswe akumana Loweruka, banja lithe kapena lipitirire. Leila wandipanikiza masana onse, kope pamwendo. Damiao anayamwa miyezi ingati? Isanu ndi iwiri. Ndinamuletsa bwanji? Tsabola pabere, monga aliyense. Anagwedeza mutu ngati dokotala. Akuti mwana wolandidwa bere msanga amakula akusakasaka choika kukamwa. Ndiye botolo lija. Bambo wa ana atatu, ndevu mpaka pakhosi, ati akulira bere.

Lachisanu, 7 Juni
Palibe wapulumuka. A Petro a pa golosale ati ndi aumbombo chifukwa amayi awo ankawakalipira akamapita kuthengo. Amayiwo anafa kalekale, sangayankhe. Ine ndilipo. Ndamupempha Leila kuti mawa asatsegule pakamwa, si nkhoswe. Ndati nkhani yakeyo ndi yabodza. Yankho lake: “Amayi, kukana kumeneko n'chizindikironso.” Ndiye ukavomera walakwa, ukakana walakwa. Mbuzi zanga zinayi zinapita kusukulu imeneyi.

Loweruka, 8 Juni
Watsegula. Pamaso pa akuchikazi onse. Damiao anabwera atazolika, wokonzeka kupepesa. Atamva mlongo wake, mutu unadzuka, nkhope kuwala. Anati ndiye kuti iye alibe mlandu. Anthu onse maso pachifuwa panga, ine mayi wa Mvano. A Malcolm, amalume a Flossie, anamvetsera mpaka pamapeto, n'kunena mofatsa: “Tamva, aphunzitsi. Abwerere kwa amayi ake akamalize kuyamwa. Akakhuta adzatenge mkazi.” Ananyamuka. Thobwa sanalikhudze.

Lachinayi, 20 Juni
Damiao akugona m'khitchini mwanga. Amamwa tsopano mosabisa, ali ndi chilolezo cha ku yunivesite. Adzukulu sindinawaone. Kumjigo amandifunsa ngati mkaka wayamba kutuluka.

Dzulo Leila wafunsa funso limene anaiwala: chifukwa chiyani miyezi isanu ndi iwiri yokha? Ndamuuza. Ndinatumbiza. Mimba inabwera mwana akadali pabere, ndipo akuluakulu anati mkaka wa wapakati umadwalitsa. Panalibe zokambirana. Anafunsa kuti pa mimbayo anabadwa ndani. Ndati awerenge yekha, waphunzira ndi iye. Anawerenga ndi zala, ngati ine. Zala zinathera pa iye mwini. Anatseka kope. Lero m'mawa wakwera kabaza kupita kwa Flossie, opanda kope, kukagwada kwa a Malcolm. Kaya akamumvera.

Ndaseka mpaka chifuwa.

Chimene sindinamuuze. Pomuletsa kuyamwa, Damiao anamutengera kwa azakhali ake, mpanda umodzi wokha pakati pathu. Analira masiku anayi. Mkaka unkanyowetsa chitenje. Sindinapite.